Kuchokera ku Cambridge Kufika kwa Sandwe: Mbiri ya Pepala la Chizungu

Chaka chikamapita kumapeto, ana onse a Giredi 12 m'Zambia amakhala pansi kulemba pepala lomwe nambala yake ndi 1121. Mwana wa ku Kabulonga, amene anayamba kulota m'Chizungu asanamere mano onse, ndi mwana wa kwa Mfumu Sandwe, kumene msewu umaduka mvula ikagwa ndipo njovu za ku Luangwa zimakolola chimanga mwini munda asanakolole, amapatsidwa mafunso amodzimodzi ndi nthawi yofanana. Lamulo nalonso ndi limodzi. Kuti upate School Certificate uyenera kuphasa maphunziro asanu ndi limodzi ngati limodzi uli ndi kirediti, kapena asanu ngati awiri uli ndi kirediti, koma pakati pa maphunzirowo Chizungu chisasowepo. Ungatenge 1 mu masamu, 1 mu sayansi, 2 mu zaulimi. Ukatenga 9 mu Chizungu, setifiketi yathunthu palibe. Ndipo makoleji ambiri a unamwino ndi uphunzitsi safuna kungophasa chabe, afuna 6 kapena kuposa pamenepo.

Ambiri a ife tinangolipeza lamuloli monga mmene munthu amapezera phiri, osafunsa kuti analiika ndani. Koma lamuloli lili ndi eni ake, lili ndi zaka zake, ndipo ukadziwa kumene linachokera umayamba kumvetsa chimene wochonga amafunafuna pa pepala lako.

Tiyambe ndi sukulu zoyamba za dziko la Ansenga. Sizinali za boma. Amishoni a Dutch Reformed Church, atakhazikika ku Magwero mu 1899, anatsegula Nyanje mu 1905, Hofmeyr kufupi ndi Nyimba mu 1914, ndipo pambuyo pake Merwe. Akatolika anadza ku Minga. Anthu awa sanabwere kudzaphunzitsa Chizungu. Chofuna chawo chinali chakuti munthu awerenge Baibulo ndi katekisimu, ndipo mabuku amene a Dutch anali nawo anali a Chinyanja cha ku Nyasaland, chimene William Murray ndi anzake anamasulira nacho Buku Lopatulika lomwe linatuluka mu 1922. Chinsenga sichinasowe ochilemba: a Anglican a ku Msoro anachigwiritsa ntchito, ndipo A. S. B. Ranger anatulutsa buku la galamala yake mu 1928. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, bungwe la atsamunda lolangiza za maphunziro a anthu akuda litasankha zitundu zinayi zokha zophunzitsira, zomwe ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga ndi Chilozi, Chinsenga chinatsala kunja kwa kalasi. Mpaka lero chikali kunja, ngakhale kuti zitunduzo zinafika zisanu ndi ziwiri.

Apa ndi pamene inu anzathu a m'tauni muyenera kuima pang'ono. Mwana wa kwa Sandwe kunyumba amapereka moni kuti "muli tyani", ndipo akakana amati "niziwa lini". Akalowa Giredi 1 buku limamuuza kuti "muli bwanji" ndi "sindidziwa". Asanazolowere, Chizungu chafika. Ndiye kuti pa tsiku la mayeso amalemba m'chitundu chachitatu. Musaseke, chifukwa nanunso a ku Chawama ndi Mtendere muli m'bwato lomwelo: Chinyanja chimene mumakamba pa basi si chimene chili m'buku. Geoffrey Tambulukani wa pa University of Zambia ndi Adriana Bus anafufuza nkhani imeneyi ndipo anapeza kuti mwana amene sadziwa bwino chitundu chophunzitsira amachedwa kuwerenga, ngakhale chitunducho chikhale cha m'dziko momwe muno.

Nanga Chizungu chinakwera bwanji pamwamba pa zonse? Chinakwera ndi msonkho ndi ntchito. Amuna a ku Petauke ankayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia ndi ku migodi kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo sanachedwe kuona kuti amene wagwira cholembera satuluka thukuta ngati amene wagwira fosholo. Kalaliki wa pa boma, womasulira m'khoti, kapitawo wolemba matikiti, onsewa anali anthu a Standard 6, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo chinali kalata ya Chizungu yolembedwa mwaukhondo. Makolo athu sanakonde Chizungu chifukwa chakuti chinali chokoma m'makutu. Anaona kuti ndiye khomo lokhalo limene mzungu anasiya lotsekuka pang'ono.

Khomolo linali laling'ono zedi. Sekondale ya boma ya anthu akuda inayamba ku Munali mu 1939, ndipo ana ochepa amene anafika kumapeto ankalemba mayeso a University of Cambridge Local Examinations Syndicate, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku England mu 1858. Mafunso ankakonzedwa kumeneko, mapepala ankatumizidwa kumeneko kukachongedwa, ndipo zotsatira zinkabwera patapita miyezi. Pofika pa ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu akuda pafupifupi 100 okha a digiri, ndipo a setifiketi yathunthu ya sekondale anali ngati 1,000.

Tsono nali fupa la nkhani. School Certificate inayamba ku Britain mu 1918 ngati mayeso a mtolo: umayenera kuphasa maphunziro angapo nthawi imodzi, ndipo ukagwetsa limodzi lofunika, mtolo wonse wagwa. A ku Britain eni ake anaona kuti njira imeneyi ikutaya ana ambiri, ndipo mu 1951 anaisiya n'kuyamba GCE, momwe phunziro lililonse limaima palokha. Koma m'maiko olamulidwa ndi iwo mtolo unapitirira, Chizungu chili chingwe chomangira. Ife tinalandira ufulu, tinasintha mbendera, tinasintha ndalama kuchoka pa mapaundi kupita pa kwacha mu 1968, koma chingwe chija sitinachimasule. Examinations Council of Zambia inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983 n'kuyamba kugwira ntchito payokha mu 1987, ndipo lero amene amakonza ndi kuchonga mafunso ndi aphunzitsi athu omwe. Komabe mafupa a pepala ndi a Cambridge.

Boma la Kenneth Kaunda silinangosunga Chizungu, linachikweza koposa mmene atsamunda anachikwezera. M'nthawi ya atsamunda mwana ankayamba ndi chitundu cha kwawo, Chizungu n'kukhala chophunzitsira chakumapeto kwa pulayimale. Mu 1963 gulu la akatswiri a UNESCO lotsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia linalangiza kuti Chizungu chiyambe tsiku loyamba la sukulu. Nduna yoyamba ya maphunziro, John Mwanakatwe, inavomera, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linatsimikiza. Zifukwa zake sizinali zopusa, tisawanamizire. Dziko linali lakhanda, zitundu zambirimbiri, ndipo atsogoleri ankaopa kuti kukweza chitundu chimodzi kudzayatsa moto wa mitundu. Ana a ku migodi anali osakanikirana. Mphunzitsi wa ku Mongu ankatumizidwa ku Nyimba, wa ku Kasama ku Monze. Masekondale atsopano amene anamangidwa m'maboma m'zaka zimenezo, Petauke kuphatikizapo, anadzazidwa ndi aphunzitsi a ku Britain, India ndi maiko ena, omwe sakanatha kunena ngakhale "khalani pansi". Simon Kapwepwe, ali wachiwiri kwa pulezidenti, anatsutsa poyera mu 1969 kuti tikudzichotsera ulemu tokha pophunzitsa ana kunyoza zitundu zawo, koma sitima inali itanyamuka kale. Mu 1977, pokonzanso maphunziro, boma linavomera pa pepala kuti mwana amaphunzira bwino m'chitundu chake, kenaka linati n'zosatheka kuchita, Chizungu chipitirire.

Zaka makumi atatu zinapita tikuyesa njira imeneyi. Zipatso zake anaziyeza Eddie Williams wa ku Britain m'zaka za m'ma 1990, poyerekeza ana a ku Zambia ndi a ku Malawi. Ku Malawi ana ankaphunzira m'Chichewa zaka zinayi zoyamba, kuno ankaphunzira m'Chizungu kuyambira Giredi 1. Munthu akanaganiza kuti athu atsogola kutali pa Chizungu. Sizinatero. Pa kuwerenga Chizungu magulu awiriwa anali pafupifupi chimodzimodzi, onse ofooka, koma pa chitundu cha kwawo ana a ku Malawi anawasiya athu kutali. Tinagulitsa Chinyanja kuti tigule Chizungu, ndipo Chizungucho sitinachilandire. Amene tinadutsa m'makalasi a nthawiyo tikukumbuka bwino kuimba ziganizo pamodzi ngati kwaya, mawu okwera, tanthauzo osalidziwa.

Kuchokera apo ndondomeko yakhala ikupita uku ndi uku. Chikalata cha Educating Our Future cha 1996 chinabweza zitundu zathu pophunzitsa kuwerenga, ndipo Primary Reading Programme inayamba mu 1999. Mu 2014 chitundu cha m'dera chinakhala chophunzitsira kuyambira Giredi 1 mpaka 4. Pa zonsezi pepala la 1121 silinagwedezeke kwenikweni.

Tiyeni tilitsegule pepalalo, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi agogo ake.

Pepala loyamba ndi la chimangirizo, ndipo lili pawiri. Mbali yoyamba umasankha mutu umodzi n'kulemba mawu 250 mpaka 350. Mbali yachiwiri amakupatsa mfundo zosakanizasakaniza n'kukuuza kuti ulembe lipoti, kalata, nkhani ya m'nyuzipepala kapena mawu okakamba pa msonkhano. Mbali yachiwiriyi ndi ntchito ya kalaliki uja wa pa boma, yosasintha. Bwana wapereka mfundo, iwe sankha zofunika, taya zosafunika, ika m'dongosolo, ndipo usawonjezepo nzeru zako zambiri. Ana ambiri amataya mamaki pano chifukwa chokopera mfundo zonse monga mmene zaperekedwera, pamene zina anaziikamo dala kuti aone ngati uli maso. Maonekedwe nawonso ali ndi mamaki ake. Kalata ya ku ofesi ifuna maadiresi awiri, tsiku ndi mutu wa nkhani, ndipo ukayamba ndi "Dear Sir" umatsiriza ndi "Yours faithfully". Moni wathu wautali, wofunsa za ana ndi mvula, womwe kwathu ndi ulemu, m'kalata imeneyi ndi mlandu.

Pa mbali yoyamba ife tili ndi maganizo athu, ndipo ena a inu mudzatsutsa. Tikuti sankhani mutu umene mumaudziwa ndi maso anu. Mwana wa kwa Sandwe akalemba za usiku umene mudzi wonse unadzuka kuimba zitini kuthamangitsa njovu, kapena za ngolo ya thonje imene inatitimira pa mtsinje wa Lusangazi, amakhala ndi zokamba zokwana mawu 350 popanda kubwereza. Akasankha kulemba za ulendo wa pandege umene sanaukwerepo, pofika mzere wa khumi mawu atha, ndipo amayamba kutola mawu akuluakulu amene analoweza. Mawu akuluakuluwo ndi matenda amene tinatengera kwa makalaliki akale, omwe ankayesa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwa mawu ake. Wochonga sachita nawo mantha. Iye ali ndi mulu wa mapepala ndi cholembera chofiira, ndipo chimene amaona msanga ndi chiganizo chothyoka. Chiganizo chachifupi cholondola chimadya mamaki kuposa chachitali chopunduka. Ndipo zimangirizo zoloweza zija, zoyamba ndi dzuwa likutuluka ndi mbalame zikuimba, wochonga wakumana nazo kambirimbiri tsiku lomwelo.

Pepala lachiwiri lili ndi magawo atatu: kamangidwe ka ziganizo, kumvetsa nkhani, ndi chidule. Chidule ndi mdzukulu wa chimene Angelezi ankachitcha précis, luso limene ankayesa nalo ofuna ntchito m'boma la Britain m'zaka za m'ma 1800, kuti mkulu asawerenge mulu wa makalata koma tsamba limodzi. N'chifukwa chake malire a mawu ndi okhwima. Funso limakuuza chimene ukafune m'nkhaniyo. China chilichonse, kaya n'chokoma chotani, chisiye. Zitsanzo zichotse, mawu okometsera achotse, ndipo uwerenge mawu ako usanapereke. Ili ndi gawo limene mwana wa kumudzi angathe kupikisana ndi wa ku Kabulonga, popeza mayankho onse ali pa pepala pomwepo.

Kulembanso ziganizo ndiko kumaopsa ambiri, koma kunena zoona ndi gawo losabisa nkhope. Maonekedwe ake amabwerabwera chaka ndi chaka: "No sooner had" amayenda ndi "than", "Hardly had" amayenda ndi "when", "Neither" ndi "nor", "Not only" ndi "but also". "Despite" safuna "of", pamene "in spite" sayenda popanda "of". Ukayamba ndi "Unless" usaikenso "not" m'mbali yomweyo, chifukwa kukana kuli kale m'kati mwake. Palibe munthu ku Soweto Market, ngakhale ku London komwe, amene amakamba "no sooner had I arrived" pogula tomato. Ndi Chizungu cha m'mabuku akale chimene chinatsalira m'mayeso ngati ndalama yakale m'thumba la agogo. Koma poti chimabwera, chiphunzireni ngati mmene mumaphunzirira matebulo a masamu, ndipo mapepala a zaka zapita ndiwo mphunzitsi wake.

Zolakwa zathu zambiri si za umbuli ayi. Ndi Chinyanja ndi Chinsenga zikuyankhula kuseri kwa Chizungu, ndipo ukadziwa pamene zimatulukira ungathe kuzidikirira pakhomo. Ife tili ndi "iye" mmodzi wa mwamuna ndi mkazi, choncho m'chimangirizo amayi amayamba ali "she" n'kutsiriza ali "he". Ife munthu wamkulu timamuchulukitsa, "atate abwera", ndipo cholembera chimathamangira kulemba "my father they have come". Chizungu chilibe ulemu wotere, tate ndi "he" basi, ngakhale mtima ukuwawa polemba. Timati "ndibwerekeko cholembera", ndiye timalemba "borrow me", pamene wopereka amachita "lend" ndipo wolandira ndiye amachita "borrow". Mneni wathu "kumva" amagwira ntchito ya khutu, mphuno ndi thupi lonse, koma "I can hear the smell" ndi cholakwa. M'zitundu zathu l ndi r ndi mapasa, Malia ndi Maria ndi munthu mmodzi, pamene m'Chizungu "pray" ndi "play" ndi tchalitchi ndi bwalo la mpira. Tilibe "a" ndi "the", choncho timawaiwala kapena kuwamwaza paliponse. Ndipo pofotokoza nkhani yakale timakonda kuibweretsa pafupi kuti ikome, monga timachitira pa nthano, koma wochonga afuna kuti ukayamba ndi "went" upitirize ndi "saw" ndi "said" mpaka kumapeto.

Palinso Chizungu chathuchathu cha ku Zambia, chomwe ife a pa wailesi timachimva tsiku lililonse anthu akaimba foni: "me I think", "discuss about", "cope up with", "I am asking for", ndi "I'm coming" wonenedwa ndi munthu amene akutuluka. Ife sitichinyoza. Ndi chitundu chamoyo, chimagwira ntchito, ndipo aliyense amamva. Koma pepala la 1121 silinachivomerebe, ndipo mphindi khumi zomaliza ndi zosakira alendo amenewa pamodzi ndi malembedwe a pa WhatsApp, "u" ndi "coz", amene amalowa okha dzanja likatopa.

Chimene chimatiwawa n'chakuti mwana wa kumudzi amafika mochedwa pa kulemba kwenikweni. Mayeso a Giredi 7 akhala a kusankha yankho pa A, B, C ndi D, kotero mwana angathe kutsiriza pulayimale asanalembepo ndime yathunthu ya Chizungu yochokera m'mutu mwake. Kuchonga chimangirizo kumadya nthawi, ndipo mphunzitsi amene kalasi lake linasefukira maphunziro aulere atayamba mu 2022 sangachonge mabuku onse mlungu uliwonse. Wa m'tauni ali ndi matuishoni, TV, intaneti ndi zikwangwani za m'misewu zomwe zimamuphunzitsa osadziwa. Wa kwa Sandwe Chizungu amachisiya pa khomo la kalasi ndipo amakachipezanso mawa m'mawa. Akagwa, njira yotsala ndi GCE ya pakati pa chaka, yolipira pa phunziro lililonse, kuwonjezapo ulendo wopita kumene kuli malo olembera ndi pogona. Ndalama imeneyo imachokera m'thumba la nshawa kapena mbuzi yogulitsidwa. Inu amene muli ndi abale kumudzi, mapepala akale amene mwatsiriza nawo ndi nyuzipepala zimene mukufuna kuyatsira mbaula zingakwere basi ya ku Great East Road.

Tsopano gudumu latembenukanso. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro ya 2023, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2025, yabweza Chizungu kukhala chophunzitsira kuyambira pachiyambi, chitundu cha m'dera n'kukhala chothandizira kufotokoza. Pulayimale yakhala ya zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mafomu amene makolo athu ankawadziwa abwerera m'malo mwa magiredi a sekondale. Zifukwa zimene zikuperekedwa zikufanana ndi za 1966, ndipo zimene Williams anapeza palibe amene wazifafaniza. Ana amene analowa Giredi 1 mu 2025 pa sukulu za kwa Sandwe, Nyamphande, Ndake ndi Luembe adzafika Fomu 4 mu 2034.